Ndewu ya Lamulungu M'mawa

Pagulu lina la masewera a pafoni panali Dzoole, katswiri woopsa, mwini chishango chotchuka, amenenso analemba malamulo a ndewu: woitanidwa sakana koma amasankha nthawi, wosabwera wagonja, ndipo wogonja amapereka chida chake.

Tsiku lina anasirira lupanga lagolide la Nachisale, mayi wogulitsa zitenje ku Limbe.

"Achemwali, tikumane pabwalo. Lupangalo likukulemerani."

Nachisale ankadziwa kuti sangamuthe, koma ankadziwanso kuti Dzoole ndi mkulu wampingo.

"Chabwino achimwene. Lamulungu, mapemphero ali mkati."

"Iii, sinthani nthawi!"

"Malamulo analemba ndani?"

Lamulungu Dzoole anakhala kutsogolo, foni ataibisa m'buku la nyimbo. Abusa atati tonse titsinzine, iye analowa pabwalo la ndewu pafonipo. Komatu anaiwala kuchepetsa mawu! Malupanga analira tchalitchi chonse: ngwee! ngwee!

Abusa anatsegula diso limodzi, n'kutambasula dzanja. "Bweretsani kuno, a Dzoole."

Ku Limbe, Nachisale anapeza chimphona cha Dzoole cha m'masewerawo chitangoima njo! Anachizungulira akuvina, kenako n'kuchigwetsa mosapupuluma.

Ndiye analemba pagulu: "Achimwene, chishango chija mupereka musanalape kapena mutalapa?"