Mudzuka, Achimwene

Panali munthu wina wokonza njinga pamsika wina waung'ono. Anali wa manja abwino koma wa mtima wouma. Mwana wake wamkazi, Esinati, atatenga mimba ali pasukulu, iye anamuponyera zovala pabwalo n'kumuuza kuti asadzapondenso pakhomopo. Mwanayo anapita kwa azakhali ake kutali, ndipo panatha zaka zisanu ndi zinayi dzina lake osatchulidwa m'nyumbamo.

Tsiku lina chakudya chinayamba kumukanira pakhosi bambo uja. Kenaka ngakhale phala. Kuchipatala anapeza kuti ndi khansa ya kummero, ndipo inali itafika kale posachizika. Dokotala sanauze mwiniwake. Anaitanira ang'ono ake awiri a wodwalayo pakhonde n'kuwanong'oneza, ngati kuti khosilo linali lawo. Iwo anapangana kuti wodwala asamve, poti kutchula imfa munthu akali moyo n'kumulodza. Anamutengera kunyumba ndi botolo la mankhwala oletsa ululu.

Ali chigonere pamphasa, mtima uja unafewa. Anauza mkazi wake kuti, "Mwana uja ndinamulakwira."

"Ndiye timuimbire foni abwere," anatero mkaziyo.

Iye anakana. "Kupepesa satuma munthu, ndipo sapepesera pafoni. Ndinamuthamangitsa ndine, ndikamutenganso ndine. Ndikangodzuka ndikwera minibasi."

Tsono aliyense wobwera kudzazonda ankanena mawu amodzimodzi. Mudzuka, achimwene. Mudzuka, atsibweni. Amayi a kutchalitchi ankabwera kudzaimba, pochoka nawonso amati mudzuka. Akangotuluka panja ankapukusa mitu n'kumafunsana kumene kungapezeke matabwa abwino. Iye ankawakhulupirira, nanga anthu onsewo akananama bwanji? Ankadikira tsiku lodzuka. Apo n'kuti mawu ake akusasa tsiku ndi tsiku, chifukwa chotupacho chinkakula.

Kunali namwino wina amene ankayendera odwala otere m'makomo Lachiwiri lililonse. Atamva za minibasi ija, anatengera ang'ono ake a wodwalayo pambali n'kuwapempha kuti amuuze zoona. Wamkulu wa awiriwo anati, "Anesi, ntchito yanu ndi botolo lija. Zolankhula tisiyireni eni akefe. Mufuna mutiphere munthu ndi pakamwa?"

Namwino anayankha, "Mwini wake ndi uyo wagona m'nyumbayo."

Analowa. Sanaime chilili ngati wothamangira kwina, anakhala pansi pambali pa mphasa n'kuitana mkazi wa wodwalayo kuti akhale pomwepo. Kenaka anafunsa, "Bambo, mukufuna ndikuuzeni zimene ndikuona, kapena ndikhale nazo?"

Munthu uja anamuyang'ana n'kunena kuti, "Nenani. Ndatopa ndi anthu ondisekerera m'maso."

"Minibasi ija simukwera, bambo. Matendawa sachoka. Ululu tilimbana nawo, ndipo sitikusiyani nokha. Koma mawu anu atsala pang'ono kutha. Ngati muli ndi wina woti mumuuze kanthu, ndi sabata ino."

Wodwalayo analira, mkazi wake analiranso. Koma sanafe ndi mawuwo monga ankaopera abale ake. Atapukuta misozi anati, "Imbani foniyo."

Esinati anafika Lachisanu. Mawu a bambo ake anali atangotsala onong'ona, moti anachita kuika khutu pakamwa pawo. Zimene ananena palibe wina anamva, ndipo si zathu. Pofika Loweruka mawu anatheratu. Munthuyo anakhala masiku ena asanu ndi limodzi, ndipo amene ankamunyowetsa milomo ndi kansalu anali mwana wake yemweyo.

Pamaliro ang'ono ake sanamupatse moni namwino uja. Ena ankakodolana kuti ndi uyo anamulosera imfa. Iye sanabisale. Anakhala pakati pa amayi anzake mpaka mwambo wonse unatha, ndipo Lachiwiri linalo anapita kwa wodwala wina.

Tsono inu amene mawa muyamba kulowa m'nyumba za odwala, mawu aja akuti "mudzuka" mukawapeza akukudikirani pakhomo. Ndi okoma kutchula. Inenso ndinawanenapo, ndipo mpaka lero ndimachita nawo manyazi, chifukwa sindinkatonthoza wodwala, ndinkadzithawitsa ndekha. Sindikuti muzikakamiza munthu kumva zimene sakufuna. Yambani mwakhala pansi, mufunse. Akati ayi, mulekeni. Koma akati nenani, nenani. Abale akafuna kukwiya, akwiye. Akakutchani mfiti, simuli oyamba, ndipo dzina silinaphepo munthu. Masiku otsalawo si a abale, si a dokotala, si anu. Ndi a amene wagona pamphasayo, ndipo ine ndimakana kumubera ndi mawu ozuna. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Namwino uja akanadikira Lachiwiri lina, Esinati akanapeza bambo ake akutsegula pakamwa popanda chotuluka.