Mvuu Alembetsa Sivi

Kalekale, ana inu, ndi inu akuluakulu mukunamizira kusinzanu, padali Mvuu. Anali mkamwini pamudzi, chimimba chili apo, ntchito alibe. Apongozi ake ankadandaulira mwana wawo mokweza dala: "Amuna a anzako adalembedwa ntchito, akowa angodziwa kuyasamula." Mvuu akamva, manyazi ankamugwira mpaka m'makutu.

Tsiku lina kunamveka kuti Njati akufuna mlonda wa munda wake wa nzimbe, ndipo ofuna ntchitoyo abweretse sivi, pepala lija lonena zimene munthu adagwirapo. Nzimbe! Mvuu malovu chuchuchu. Koma kulemba sankadziwa, ndiye anapita kwa Gologolo, amene ankatayipira anthu makalata pa makina ake pansi pa mkuyu. Gologoloyo anali ndi chakukhosi. Mbatata zake zidatha usiku umodzi, ndipo wakubayo adasiya mapazi aakulu ngati mtondo.

"Lemba kuti ndine wamphamvu, wokhulupirika, wolimbikira," anatero Mvuu.

"Aaa, akulu, zimenezo amalemba aliyense. Ngakhale Fisi adalemba kuti ndi wokhulupirika. Bwana amafuna zogwirika: kunali kuti, munachita chiyani, zinatha bwanji. Mlonda weniweni ndi wodziwa polowera akuba. Inu mumadziwapo?"

"Ine? Dimba la a Nungu, mpanda wake ndi wofooka kumunsi."

"Munadziwa bwanji?"

Mvuu anayang'ana uku ndi uku. "Ndidangouyesa."

"Ehee, kuyesa mipanda! Ntchito yapamwamba imeneyo." Makina aja taka taka taka. "Zotsatira zake?"

"Chimanga chachiwisi, mizere yonse."

Taka taka taka. Mvuu atamva mbiri yake ikukoma, pakamwa panamasuka. Mpunga wa a Nkhanga, taka taka taka. Mbatata za winawake kumtunda, apa Gologolo anamenya makina mwamphamvu ndithu. Maungu a kuseri kwa chulu, taka taka taka.

"Pansi apa timalemba mboni, anthu amene ntchito yanu adaiona," anatero Gologolo.

"Lemba amene ukuwadziwa, iwe, nthawi ikutha."

Gologolo analemba eni madimba onse aja.

Njati anali bwana wosamala. Tsiku la mafunso anaitanitsa mboni zonse. Mvuu anafika atavala jekete yobwereka, mabatani osakumana. Atasuzumira pabwalo anaona apongozi ake ali pakati pa mboni, mwana wawo pambali. Mayiwo anali atavala chitenje chatsopano, poyesa kuti kuitanidwako ndi ulemu, ndipo mudzi wonse anali atauuza kale kuti mkamwini wapeza ntchito.

Njati anayamba kuwerenga siviyo mokweza. Atafika pa chimanga, Nungu minga njo! Atafika pa mpunga, Nkhanga anakuwa: "Kani munali inu!" Mvuu mutu pansi, thukuta kamukamu. Komabe izi akadapirira, poti kutukwanidwa ndi anthu apadera n'kwa tsiku limodzi. Kenaka Njati anawerenga: "Maungu a kuseri kwa chulu."

Dimba limenelo linali la apongozi. Maungu amenewo adawalira mpaka mawu kusasa, akutemberera Nguluwe wosalakwa, Mvuu ali pomwepo kuthandizira kutukwanako.

Mayiwo sanakalipe. Bola akadakalipa! Mukudziwa kuti mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, ndiye anatembenukira mwana wawo, nanena motsitsa koma aliyense anamva: "Tawafunsa amuna akowa. Tsiku lija ankandithandiza kutukwana Nguluwe, maungu anga anali akadali m'mimbamo?"

Mayo ine! Mvuu analakalaka nthaka itang'ambika, koma sinang'ambike. Anayang'ana mkazi wake, mkaziyo wafunda chitenje kumaso. Anaona mtsinje, liwiro, khuvuu! Ndi jekete ya eni ake yomwe.

Mpaka lero ali momwemo. Masana amangotulutsa maso ndi timakutu, kuona ngati apongozi achoka pagombe.

Kanthano kanga kafera pompa, ndi moto womwe wazilala. Inu ofuna ntchito, sivi imafunadi zoona, koma musanalembetse mboni, yambani mwakumbukira chimene mudaidyera.