Pulagi Yokulungidwa ndi Waya

Che Lajabu anafika kwa Shehe Milazi akukankha njinga yamoto, anthu atangotuluka mumzikiti ku swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo. Anali wakabaza wa pa Ntaja. Tsikulo pulagi inatumphuka mu injini ali pakati pa chitunda. Wokwera anatsika n'kukwera njinga ina, ndipo anzake a pasiteji ankangomudutsa akuimba hutala. Palibe anaima.

Shehe Milazi ankaphunzitsa Qur'an m'mawa, masana n'kumakonza mainjini pansi pa chisakasa kuseri kwa nyumba yawo. Anali munthu wowerenga kwambiri koma wosakonda kutalikitsa nkhani.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Waalaikumu salamu, Che Lajabu. Lero njinga yakwera mwini wake?"

"Yandizunza, Shehe. Pulagi sikugwira."

Shehe analandira pulagiyo naitembenuza m'manja. Inali yokulungidwa ndi kawaya kofiira ka mu wailesi.

"Nanga waya uyu?"

"Anzanga anati ukakulunga imagwira."

"Inagwira?"

"Inagwira ndithu. Kenako inayamba kufwenkhera, mpweya ukutulukira m'mbali."

Shehe anapisa chala m'bowo la pulagi. Timizere tozungulira timene pulagi imagwirapo, timene amakaniko amati mathiredi, tinali titadyeka. Chala chinatuluka ndi fumbi lonyezimira.

"Hedi iyi, mutu wa injiniwu, ndi ya aluminiyamu, chitsulo chofewa, pamene pulagi ndi yolimba. Munamanga injini ili yotentha?"

"Ndinali pachangu."

"Ndipo ku sipanala munalumikizako paipi."

Che Lajabu anayang'ana kumbali.

"Inu akabaza mumamanga pulagi ngati ng'ombe yolusa," anatero Shehe. "Khalani pansi. Hedi yatsopano sikufunika."

Che Lajabu anakhala pa tayala lakutha, Shehe akumasula hedi. Kunali zii, nkhuku zokha zikupalasa. Anazindikira kuti panali patapita nthawi munthu asanamuuze kuti akhale pansi.

Che Lajabu anakwatira ku Chikweo, kwawo kwa mkazi wake, Abiti Swaleyi. Tsiku lina pasiteji anamva kuti mkaziyo akuyenda ndi mwamuna wina wovala bwino. Sanafunse. Anapita pa sadaka pamene mudzi wonse unasonkhana, namutchula mkaziyo dzina loipa anthu akumva, n'kumupatsa talaka imodzi, mawu osiyira mkazi. Pambuyo pake zinadziwika kuti mwamunayo anali mlongo wake wa Abiti Swaleyi, mwana wa mayi ake aang'ono, amene anali atangofika kuchokera ku Joni.

Chiyambire pamenepo Che Lajabu ankagona m'kachipinda ka lendi kuseri kwa tiyirumu. Ankadya choimirira pamsika, wopanda womuthirira madzi m'manja. Ankatumiza shuga ndi sopo ku Chikweo kudzera mwa anzake. Katunduyo sankabwezedwa, koma mawu sankabweranso.

"Shehe, ndili ndi funso la malamulo, ngati mungandilole."

"Funsani."

"Eda, nyengo imene mkazi amadikira akapatsidwa talaka, yatsala pang'ono kutha kwa mayi a kunyumba aja. Ndamva kuti isanathe mwamuna atha kungonena kuti ndakubwerera, ukwati n'kupitirira. Ndikaimba foni, sizikwana?"

"Pa lamulo zikwana. Ndi bwino pakhale mboni."

"Ndiye basi. Mboni zilipo pasiteji."

"Nanga zimene munanena pa sadaka?"

"Zinapita zimenezo, Shehe. Kuzifukulanso n'kukulitsa bala. Ine munthu wamwamuna ndikagwade pamaso pa mudzi wa eni, ana akuonerera?"

Shehe anaika hedi pa thabwa.

"Tagwirani apa. Mugwiritse."

Anatenga chobowolera chonenepa kuposa bowo lija. Che Lajabu anachotsa manja.

"Pepani Shehe, bowoli lakula kale. Mukufuna kulikulitsanso?"

"Eya."

"Ndiye pulagi izingogweramo."

"Gwirani, bambo."

Anagwira. Chobowolera chinalowa, tizidutswa tonyezimira tikugwera pa thabwa, mpaka zotsalira zonse za mathiredi akale zinatha, bowo n'kusalala. Che Lajabu anasuzumiramo. Njinga imeneyi ndi yokhayo imene inamutsalira.

Kenako Shehe anatenga chitsulo chodulira mathiredi atsopano, nachipaka girizi kuti tizidutswa tizimatirira. Anati Bismillah, nayamba kupotokola. Akapita patsogolo pang'ono, ankabwerera m'mbuyo, n'kupitanso. Ntchitoyo inachedwa moti Che Lajabu anayamba kugwedeza mwendo.

"Mukachita changu apa," anatero Shehe osadzutsa mutu, "bowo lipendama, ndipo pamenepo hedi yatha."

Atamaliza anatsegula kachitini natulutsa kasipuling'i kachitsulo cholimba, kakang'ono ngati mphete. Anakapotera m'mathiredi atsopano aja mpaka kanamira, nathyola kamchira kake. Bowo linabwerera pa msinkhu wake wakale, koma tsopano m'kati mwake munali chitsulo.

"Lowetsani pulagi. Ndi zala zokha. Sipanala ndi yomalizira."

Pulagi inalowa mofewa. Shehe anabwezera hedi pa injini, ndipo Che Lajabu atapondereza kamodzi, njinga inalira.

Koma iye sanakwere. Anaizimitsa, naimirira atagwira chiwongolero.

"Allah akulipireni zabwino, Shehe. Koma funso langa lija mwalisiya panjira."

"Ndayankha. Foni ndi yololedwa. Kukulunga pulagi ndi waya nakonso palibe lamulo loletsa."

"Mukundinena, Shehe."

"Ndikukuuzani zimene mwaona ndi maso anu. Mathiredi akadyeka, sitimanga pa zotsalira. Timachotsa zowonongeka zonse, bowo likule kaye. Munamuipitsa mkaziyo pagulu, mukamuyeretse pagulu. Mukanene ndi pakamwa panu kuti ndinanama, pamaso pa mayi ake, mlongo wake uja, ndi onse amene anamva. Manyazi adzakula kuposa amene muli nawo lero."



"Ndipo musapite nokha," anapitiriza Shehe. "Aluminiyamu ikadyeka sigwiranso pulagi payokha. Pamafunika china cholimba pakati. Mawu anu pano sakhulupirika ku Chikweo. Tengani ankhoswe anu, amalume anu aja, akaime pakati pa inu ndi mkaziyo."

Che Lajabu anayang'ana msewu. Anthu anali kubwerera kumakwawo, ena atanyamula ndiwo, ena ana. Atalankhula, mawu ake anali otsika.

"Nanga ndikagwada, ndikanena zonsezo, iye n'kukana kundilandira?"

Shehe anapukuta manja ndi kansanza, namuyang'ana.

"Ukwati sindingakulonjezeni, mwana wanga. Mwina mudzabwerera nokha ku kachipinda kanu. Koma dzina la mkaziyo munalichotsa ndinu, ndipo Allah adzalifunsa kwa inu, kaya ali mkazi wanu kaya ayi. Kalibwezeni. Dzuwa likadalipo, yambirani kwa amalume anu."