Vainess Analetsa Jakisoni wa Mwamuna Wake

Vainess anagwira njinga ya mwamuna wake n'kuibweza m'nyumba.

"Mwezi uno kuchipatala simupita, atate a Cathrine."

Kwa zaka zambiri mwamuna wakeyo, Adam, ankabayitsa jakisoni mwezi ndi mwezi chifukwa cha sikizofereniya, matenda a maganizo amene kale ankamumvetsa mawu a anthu osaoneka. Mawuwo anali atazilala. Ankakonza njinga pamsika wa Chama, ndipo ana ake onse anaphunzira sukulu ndi ndalama za ntchito yomweyo.

Koma mphunzitsi wina ankafuna kukwatira mwana wawo Cathrine, ndipo azakhali a mnyamatayo anali nesi watsopano pachipinda chomwe Adam ankabayitsira.

"Akakuonani pabenchi paja, mwanayu akalambira pakhomo pano," anatero Vainess. "Si muli bwino manje?"

"Ndili bwino chifukwa cha benchi lomwelo, amake Cathrine."

"Ukwati ungodutsa, mudzayambiranso."

Mvula inatseka misewu, akuchimuna anachedwa, miyezi inapita Adam osabayitsa. Vainess ankamuyang'ana mwamuna wake monga mlimi ayang'anira mitambo. Adam anasiya kugona. Anakulunga wailesi m'thumba, ati ikumumvetsera. Njinga za eni ankazibweza osakonza. Mtima wa Vainess unali m'mwamba, koma kwa anansi ankati ndi malungo.

Tsiku limene akuchimuna anafika, Adam sanaoneke pamphasa. Anamupeza kuseri kwa nkhokwe atatseka makutu, akuchonderera kuti Cathrine abisidwe chifukwa alendowo abwera kudzamupha.

Nesi uja, amene anabwera ndi alendowo, anagwada pambali pake n'kutembenukira kwa Vainess.

"Mankhwala anasiya liti, amayi?"



"Matendawa timakhala nawo tsiku ndi tsiku, sitiwaopa," anatero nesiyo. "Nyumba yobisa ndiyo imatiopsa."

Adam anagonekedwa m'chipatala nthawi yaitali. Anatuluka mawu aja atachepa, koma mutu sunabwerere msanga ngati kale, ndipo pamalo pake kumsika panali patakhala wina. Akuchimuna anati ayamba aganiza. Mpaka lero akuganizabe, Cathrine amangosuzumira kumsewu.

Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Inu muli ndi wodwala wotere m'nyumba, musayese za Vainess. Tsiku lake la kuchipatala likakwana, m'perekezeni masanasana, mukakhale naye pabenchipo.