Mimba ya Bedi la Maluwa

Anthu ankangomutchula kuti Chingwe, ndipo dzina lake lenileni linali litaiwalika ngakhale kwa eni nyumba amene anawametera kapinga zaka zambiri. Dzinali analipata kuntchito. Akafika pabwalo la munthu, asanavule n'komwe jekete, ankakhoma zikhomo ziwiri n'kukoka chingwe chake chofiira mpaka chilire ngati nsambo ya gitala. Kenako ankatenga fosholo yodulira m'mphepete, ija ya mpeni wonga mwezi wa theka, n'kumaiponda ndi jombo motsatira chingwecho, kulekanitsa kapinga ndi bedi la maluwa. Ankasiya kangalande kakuya ngati chikhatho, mbali ya kapinga itaima ngati khoma, mbali ya maluwa itatsetsereka, kuti mizu ya udzu ikafika pamenepo ikumane ndi mphepo n'kubwerera. Pomaliza ankadutsamo ndi sizasi ya zogwirira zazitali, kudula tiudzu tosuzumira. Ukaona mzere wake, unkayesa wajambulidwa ndi rula.

Ankagwira ntchito ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, bambo wa imvi zapatalipatali amene sankayamba ntchito asanacheze ndi mwini nyumba. Ankafunsa kumene kunadutsa mapaipi a madzi, amene anadzala mtengo uwu, ngakhale dzina la galu.

"Alamu, tabwera kudzameta udzu kapena kudzafunsira mbeta?" Chingwe ankatero.

"Pakamwa salipira msonkho," mlamuyo ankayankha, n'kupitiriza macheza ake.

Lachitatu lina m'mawa anaitanidwa kunyumba ina yakale, ya khonde lalitali. Anawalandira ndi mwana wamkazi wa mwini nyumbayo, atanyamula mapilo m'manja. Anafotokoza kuti mayi ake anathyoka chiuno, akhala m'chipatala miyezi iwiri, ndipo akutuluka tsiku lomwelo masana.

"Amayi amalikonda bwaloli kuposa ife ana awo," anatero akuseka pang'ono. "Akamatsika galimoto aone kuti silinasiyidwe. Ine ndili m'katimu, ndikukonza chipinda chawo."

Chingwe anagwedeza mutu. Ntchito yotere inkamukomera. Mumtima anali atatsimikiza kale kuti mayi okalambawo akafika adzaiwala ululu wa chiuno.

Bedi lalikulu la maluwa linali m'mbali mwa nyumba, motsatira khoma. Linkayenda mowongoka bwinobwino mpaka pansi pa zenera lomaliza. Pamenepo linatupa, n'kulowa m'kapinga masitepe awiri ngati mimba ya mayi woyembekezera, kenako n'kubwereranso pamzere wake. Pamimbapo panalibe duwa. Panali dothi louma, timasamba tofota tonga udzu wakale, ndi zidutswa za njerwa zomira m'nthaka zozungulira malire ake.

Chingwe anaima n'kugwira m'chiuno. "Amene anadula apa anali atalawa."

Mlamu wake ananjuta, n'kukhudza njerwa imodzi. "Woledzera sandanditsa njerwa chonchi. Taonani mmene zakhalira mondondozana. Munthu anachita dala apa. Tafunsani m'katimo."

"Ndikafunse chiyani? Kuti chokhota n'chokhota?"

"Ndiye tiyale paipi yothirira, titsatire mmene pakhoteramu, monga timachitira ndi mabedi ozungulira. Padzakongolabe."

"Zaka makumi awiri ndikuwongola zolakwa za anthu, alamu. Inu tengani makina mukamete kumaso."

Mlamuyo anakankha makina ometera kupita kutsogolo kwa nyumba. Posakhalitsa phokoso lake linadzaza bwalo lonse.

Zenera lija linali lotsekula. M'katimo mwana wa mwini nyumba ankakoka bedi logonapo kuti lifike pafupi ndi zeneralo. Chingwe akanangotukula mawu pang'ono, akanamumva. Koma anakhoma zikhomo zake, n'kukoka chingwe, ndipo chinadula mimba ija n'kuisiya kunja kwa mzere. Anazula njerwa zija n'kuziunjika pambali. Atayamba kuponda fosholo, anamva pansi pakulira khirichi, khirichi, ngati mpeni ukudula kabichi. Anati ndi mizu chabe. Anafukula dothi la pamimbapo kuti asalaze, ndipo m'wilibala munayamba kuoneka tizidutswa toyera, tonyowa, tonga anyezi woduladula.

Apa anaimitsa fosholo. Anatola kachidutswa n'kukanunkhiza. Sanali anyezi. Anayang'ana pazenera. Koma kufunsa ntchito ili pakati kunamuchititsa manyazi kuposa kufunsa isanayambe, ndipo ankadziwa kuti mlamu wake akamva, nkhaniyo ikafika kwa mkazi wake dzuwa lisanalowe. Anakankha wilibala n'kukakhuthula kudzala kuseri kwa nyumba. Anasenda zigamba za kapinga kuseri komweko, n'kuziyala pamene panali mimba, n'kuzipondaponda, n'kuthira madzi. Pofika masana bedi lonse linali litawongoka kuchokera pakona mpaka pakona. Kunena zoona, linakongola.

Mayi aja anafika dzuwa litapendeka, akuyenda ndi ndodo ziwiri, mwana wawo atawagwira pachigongono. Kumaso kwa nyumba anayamikira. Kenako anati asanalowe aone kaye kumbali. Anayenda pang'onopang'ono, Chingwe akuwatsata m'mbuyo chipewa chili m'manja, kudikira mawu okoma. Atafika pazenera lomaliza anaima. Anayang'ana pansi nthawi yaitali.

"Mwawongola bwino, bambo. Dzanja muli nalo," anatero motsitsa. "Nanga maluwa a malemu amuna anga mwawasamutsira kuti?"

Chingwe anayankha kuti, "Panalibe maluwa, mayi. Panali dothi lokha."

"Amagona pansi nyengo yonse yadzuwa. Mbewu zake zili ngati anyezi. Mvula yoyamba ikangogwa amatuluka onse pamodzi, oyera, sabata imodzi yokha."

Mayiwo anatsamira ndodo zawo n'kupitiriza, osakweza mawu. Anati kale ankasoka zovala pazenera limenelo, ndipo ankadandaula kuti maluwa a m'mphepete mwa khoma amawaona ndi anthu odutsa, iwo ayi. Tsiku lina amuna awo anawakhazika pampando wawo wosokera, n'kutuluka panja ndi njerwa. Ankaika njerwa pansi n'kufunsa kuti, "Apa ukuona?" Akati ayi, ankaisunthira kutsogolo. Anatero mpaka mkazi wawo anavomera, ndipo bedilo linatupira pomwepo.

"Anthu ankawaseka kuti bedi lawo lili ndi pakati," anatero mayiwo, kumwetulira kukubwera n'kuzimiririka. "M'chipatala muja ndimawerenga masiku kuti mvula idzandipeze ndili pazenera langa."

Mwana wawo anagwira pakamwa. "Ine sindinaganize zokuuzani, bambo. Koma mukanandifunsa. Ndinali pompa, zenera lili pululu."

Chingwe anaika chipewa pansi n'kupita kudzala. Anagwada n'kuyamba kufufuza dothi lija ndi zala, chibuluma ndi chibuluma. Patapita kanthawi anamva munthu akugwada pambali pake. Anali mlamu wake, atabweretsa chidebe. Chingwe anadikira mawu aja akuti ndinakuuzani, koma sanabwere, ndipo kusabwera kwakeko kunamupweteka kuposa chitonzo. Mbewu zambiri zinali zitadulidwa pakati, zina zitaphwanyika ndi jombo yake, zina zitawauka ndi dzuwa. Pa mulu wonsewo anapezamo zisanu ndi ziwiri zathunthu.

Anabwerera nazo m'chidebe. Anazula zikhomo zake, n'kukulunga chingwe chofiira, n'kuchiika m'thumba. Anamatula zigamba za kapinga zimene anaziyala ndi manja ake omwe. Kenako anakoka paipi yothirira ija n'kuiyala pansi mokhota, n'kupempha kuti mayi akhale pabedi lawo pafupi ndi zenera.

"Apa mukuona, mayi?"

"Ayi. Sunthirani kutsogolo."

"Apa?"

"Pang'ononso. Eya, pomwepo."

Anadula motsatira paipiyo, osathamanga, n'kubwezera njerwa imodziimodzi. Asanakwirire mbewu zija anafunsanso kuya kwake, ndipo mayiwo anamuonetsa ndi zala zitatu. Linali funso laling'ono, losalemera pakamwa. Iye anadabwa kuti m'mawa linamukanika bwanji.

Mvula yoyamba inagwa patatha masabata atatu. Chingwe anali ndi ntchito kwina, koma anapempha mlamu wake kuti adzere msewu wa nyumba ija. Anawapeza mayiwo ali pazenera, atafunda shawelo. Pamimba ya bedi panali maluwa atatu oyera, ataima motalikirana ngati alendo osadziwana.

"Atatu," anatero mayiwo. "Kale pankayera ponsepo, osaona dothi. Koma amaswana, bambo. Zaka zisanu, zisanu ndi chimodzi, padzadzazanso." Kenako anawonjezera kuti, "Amene adzakhale pazenera pano adzawaona."

Mawu amenewo Chingwe anapita nawo kwawo, ndipo sanamuchoke. Akanatha kubwezera njerwa, kubwezera dothi, ngakhale kukhota kwa mzere. Koma zaka zimene anawadulira mayi okalamba ndi fosholo m'mawa umodzi, analibe pozitenga.

Mpaka lero mizere yake ndi yowongoka, ndipo dzina lija likadali lake. Chinasintha n'chakuti chingwe sichituluka m'thumba asanagogode pakhomo n'kuyenda ndi mwini nyumba bwalo lonse, kufunsa za mwala uliwonse wokhala pamalo pachilendo. Mlamu wake amamuyang'ana cham'mbali n'kumufunsa ngati wabwera kudzafunsira mbeta. Chingwe sakwiya. Amadziwa kuti tsiku lija uchi unali pafupi, kuseri kwa zenera lotsekula, koma iye anatafuna zolakwika chifukwa chouma pakamwa. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.