Lole ya Lichero Idaponda Masamba a Maliro

Kalekale, nthawi ija ndale zinkanunkha fumbi ndi thukuta, osati zanu za lero zotukwanirana pafoni muli gone pabedi, m'dziko lina mudali chipani chotchedwa Lichero. Abale inu, kudali kukoma! Tinkalawirira m'mamawa wapansi, mwana kumsana, chinangwa m'kampango, kukangomva munthu akuyankhula pa chimkuzamawu chosasa. Nsalu ya chipani tinkaivala mpaka nkhope ya mtsogoleri kufufutika. Ndimazisowa zimenezo, sindinama.

Mtsogoleri wa Lichero adali a Filimoni Kachigamba, ndipo ankafuna upulezidenti. Chidawatsalira n'chimodzi: kutchula woima naye, amene adzakhale wachiwiri wawo akapambana. Lamulo linkati dzina limodzi basi, ndipo tsiku lokalitchula ku bungwe la chisankho lidali pafupi.

Tsiku lina akuthamangira kumsonkhano pa lole, adafika pamudzi wina m'boma la kumapiri. Pamsewu padali pataikidwa masamba aawisi. Nonse mukudziwa, masamba pamsewu ndiye kuti pali maliro. Wanjinga amatsika, wachipewa amavula, wawailesi amatseka. Koma dalaivala mutu udali kumsonkhano. Adangodutsa pamasamba paja liwiro lili lonse, ng'oma zikulira, amayi akuvina pamwamba, fumbi lonse n'kukathera pabokosi limene anthu ankalitulutsa m'nyumba ya siwa.

Kalanga ine! Adzukulu, anyamata okumba manda aja, adadulira kutsogolo pamlatho n'kutseka msewu ndi chipika.

"Tsikani! Wafa apayu ndi galu?"

Wina adali atayamba kale kufunsa machesi. Nkhaniyi ikadangofala choncho, a Kachigamba sakadapeza ngakhale voti ya mlamu wawo.

Woyamba kudumpha palole adali a Zebedayo Chikuse, mnzawo wa paubwana, amene ankaweta nawo mbuzi n'kudzayambitsa nawo chipanicho pansi pa mtengo wa mango. Adakweza manja. "Ndine ndamuuza dalaivala kuti asaime. Akuluwa sadaone kanthu. Menyani ine." Lidali bodza lamkunkhuniza, koma adzukulu sadafunse kawiri. Mpini wa khasu udawapeza pakamwa, mano akutsogolo n'kutsala pamsewu. Ukali wa anyamata udathera pa iwo. Lole sidapse, ndipo a Kachigamba sadakhudzidwe ngakhale ndi chala.

Koma mitima ya anamfedwa idali isadatsike, ndipo ambiri miyala idali ikadali m'manja. Apo Mayi Nasoko, mkulu wa amayi a chipani, adavula nsalu ya Lichero n'kuipinda, nabwereka chitenje chakutha kwa mayi wina wa pamudzipo. Adakwawa ndi maondo kuchokera pamsewu mpaka pakhomo pa siwa. Sadapepese ndi mawu ayi. Adangoyambitsa nyimbo ya maliro, ndi liwu lija loti mpaka lero ndikalikumbuka thupi limandichita tsemwe. Amayi adayamba kuvomera mmodzimmodzi, wamasiye n'kudzawatsamira paphewa. Miyala idagwa pansi yokha.

Padatsala mwini mbumba, malume ake a malemuyo, a Yotamu Gwaza. Awa sadali a Lichero n'komwe. Adali ndi kachipani kawo, ndipo boma lonse la kumapiri linkavota kumene iwo aloza. Akadangoti "chokani", upulezidenti ukadathera pamlatho pomwepo. Koma adayandikira kwa a Kachigamba nati, "Achimwene, vulani jeketeyo. Gwirani apa." Adawapatsa ngodya ya bokosi. Mlendo wolakwa uja adanyamula maliro mpaka kumanda, nathirako dothi ndi manja ake, ndipo pobwerera anthu ankauzana kuti, "Koma munthu uja ndi wathu."

Tsiku lotchula dzina litakwana, onse atatu adalawirira kunyumba kwa a Kachigamba.

A Chikuse adayamba, mpweya ukupulumuka pamene padali mano paja. "Filimoni, ine mavoti ndilibe, ukudziwa. Koma wachiwiri ndi munthu woima kumbuyo kwako. Ndani wina amene ungamupatse msana osacheuka?"

Mayi Nasoko adaomba m'manja mwaulemu, koma mawu awo sadali ofewa. "Bwana, takuvinirani mpaka zidendene kung'aluka. Amayi tatopa kukwera kumbuyo kwa lole. Mukandisiya, nsalu zija tikazipinda tonse, ndipo mudzadziimbira nokha."

A Gwaza sadalole ngakhale kukhala pansi. "Ine boma lathunthu lili m'manja mwangamu. A chipani china andiitana kale, akundidikira. Ndadzera kuno chifukwa mudanyamula mwana wa mlongo wanga."

A Kachigamba adavala jekete yomwe ija adavula pamaliro. Popanda a Chikuse akadapsa pamodzi ndi lole. Popanda Mayi Nasoko miyala ikadawamaliza. Popanda a Gwaza akadachoka amoyo, inde, koma opanda dzina. Panja galimoto idali italizidwa kale, ndipo pambali pa mpando wawo padali malo a munthu mmodzi.

Tsono musandiyang'ane ine, ine ndangofotokoza. Inu amene mumadziwa ndale kuposa makolo anu, tandiuzani: akhale pampando umenewo ndani, wa mano, wa nyimbo, kapena wa bokosi? Nanga awiri otsala pakhondewo, a Kachigamba awayang'ane ndi maso ati?