Mita Imene Anaitseka Pakamwa

Panali munthu wina amene ankakonza zamagetsi pakhonde la sitolo, pa msika wa m'mbali mwa msewu. Ankakonza mawailesi, maketulo ndi maayironi. Luso anali nalo, koma mtima wake unali wapachala.

Mmisiriyu anali ndi mita yoyezera magetsi ya zingwe ziwiri, chofiira ndi chakuda. Akagunditsa nsonga za zingwezo pa malo awiri olumikizana, mita inkalira kuti tswiii! Poyeza ayironi, ankaika nsonga imodzi pa dzino la pulagi lolowetsa moto, ina pa chitsulo chakunja. Mita ikakhala chete, ayironi ili bwino. Ikalira, ndiye kuti waya wasupuka mkati n'kukhudza chitsulo, ndipo magetsi adzagwira munthu wosita.

Pakhonde lomwelo pankakhalanso telala wokonda kunyogodola.

"Amisiri, mbewa yanu ija yayambanso?" ankatero telala. "Iponyereni chimanga igone."

"Achimwene, makina anuwo akamachita gwedegwede tsiku lonse, ine ndimalankhulapo?"

"Angawa amasoka. Yanuyo imangodandaula."

Anthu ankaseka, ndipo mmisiri ankapsa mtima. Sanakwiyire telala. Anakwiyira mita. Anamata tepi yakuda pa kabowo kotulukira mawu. Kulira kunachepa, koma telala sanaleke. Tsiku lina mmisiri anatsegula mita ija, nayatsa kandulo, n'kudonthezera phula pa kachitsulo kolira mpaka kanakwiririka. Kuyambira pamenepo mita inkalira ngati udzudzu.

"Tsopano yaphunzira ulemu," anatero mmisiri.

Patapita sabata kunabwera mayi wina dzina lake Nangozo. Ankachapa ndi kusita zovala za anthu, ndipo ana ake atatu ankadya kuchokera pa ntchito imeneyo.

"Bambo, ayironi iyi ikumandiluma ndikaigwira," anatero. "Muione bwino. Ine munda ndilibe, munda wanga ndi manja awa."

Mmisiri anasintha chingwe cha ayironi, naika nsonga za mita pa pulagi ndi pa chitsulo. Inali nthawi ya masana, ndipo chigayo cha kuseri kwa sitolo chinali kubangula. Mita inalira. Inalira ndi mawu onse amene anaisiyira. Iye sanamve. Manambala a pa mita sanawayang'ane, poti anazolowera kuyeza ndi khutu.

"Mwamva chilichonse, mayi?"

"Ayi."

"Ndiye kuti yachira. Kasiteni."

M'mawa mwake Nangozo anamaliza kuchapa, naima pa simenti yonyowa wopanda nsapato, n'kugwira ayironi. Magetsi anamugwira osamutaya. Anakuwa mpaka mnzake wa nyumba yoyandikana anathamanga kudzazula pulagi. Moyo unatsala, koma chikhatho chinapsa ndipo zala ziwiri zinakana kupindika.

Atatuluka m'chipatala anabwerera kumsika, dzanja lili m'bandeji, ayironi ili m'khwapa. Tsikulo magetsi anali atazima ndipo chigayo chinali zii. Anaiponya ayironi patebulo.

"Yezaninso."

"Mayi, ndinayeza inu mukuona."

"Ndati yezaninso! Anthu onsewa aone."

Mmisiri anaika nsonga pamalo pomwe paja. M'batamo munamveka kamawu kakang'ono, kotalika, kosaleka. Telala anaimitsa makina ake.

"Chikulira n'chiyani?" anafunsa Nangozo.

Mmisiri anazyolika.

"Ndikufunsa inu, bambo. Chikulira n'chiyani?"

"Ndi mita. Tsiku lija sindinaimve."

"Simunaimve bwanji?"

"Inkasokosa. Ndinaithira phula."

Nangozo anakweza dzanja la bandeji lija pamaso pa mmisiri.

"Ndiye chinthu ichi chinkadziwa? Chinkakuuzani kuti mayi uyu akapsa, inu mutachitseka pakamwa kale? Makutu anu anapuma, eti? Apume bwino. Ana anga adya chiyani mwezi uno? Mubwera inu kudzafinya mabulangete a anthu?"

Palibe anaseka. Telala ankangoyang'ana ulusi wake.

Abambo anzanga, fanizo ili ndi lathu, ndipo limandiwawa. Tafika kunyumba titatopa, mwana akuti, "Adadi, m'mimba mukundipweteka," ife n'kumukalipira kuti akusokosa. Mkazi akuti, "Bambo, mwanayu sakufunanso kupita kusukulu, pali china chake," ife n'kumenya tebulo. Anzathu kubawo akatiseka kuti timalamulidwa, timabwerera kudzathira phula lina. Kenako timanyada kuti kwathu kuli mtendere.

Si mtendere umenewo. Iwo sanaleke kulankhula. Akulankhulabe, koma ndi mawu ochepa amene tawasiyira, ndipo phokoso la tsiku likuwameza. Amene adzapse si ife ayi. Adzapsa ndi mwana amene anayesa kutiuza.

Nthawi ikadalipo. Lero mukalowa m'nyumba, zimitsani wailesi, mugwade mpaka maso anu alingane ndi a mwana wanu, mumufunse zimene ankafuna kunena tsiku lomwe munamuthamangitsa. Akayamba monong'ona, musamufulumize. Anamuphunzitsa kunong'ona ndinu.